Usiku Wachiwiri ku Gdańsk

Bogumił, mwamuna wanga, anawotcherera zombo
zaka makumi atatu padoko lathu,
nthethe za moto zikumugwera m'khosi, osaphethira.
Lachiwiri ndinamuona akuopa singano.

Anampatsa ufa woyera m'kapaketi,
asungunule m'madzi, amwe asananyamuke.
Akuti unkakoma ngati lalanje labodza.
Dokotala Jarmuż anafunsa, maso ali papepala:
Mwamwako mankhwala opha tizilombo miyezi ino?
Mwayendako kunja?
Pajatu tizilombo tina tinachenjera, anatero,
mankhwala timawadziwa
monga mbala idziwira galu wa pakhomo.

Singano inadzera kumatumbo,
tha! tha! kakhumi n'kawiri,
kutapa tinyama ta pulositeti tonga ulusi.
Khoma la matumbo n'lopyapyala.
Tokhala kumeneko sitivuta tikakhala kwawo,
koma tikawolokera m'magazi
imeneyo ndi nkhani ina.

Pepala ndinalimata pafiriji:
timagazi mumkodzo, musade nkhawa.
Thupi likatentha kupyola 38,
mukamanjenjemera, mkodzo ukakana,
musadikire kuti kuche.

Usiku woyamba anagona ngati chipika.
Wosagona ndinali ine,
chikhatho changa chikuzembera pachipumi pake
ngati ndikuba.

Wachiwiri, cha m'ma thu koloko,
bedi linayamba kugwedezeka.
Mano ake gwegwegwe.
Ndi zenera, Halszka, sunatseke bwino.
Zenera ndinatseka ndekha, n'kuikanso nsanza m'mphepete.
Choyezera chinati 39,4.
Tione m'mawa, anatero.
Ndinamuveka jekete pamwamba pa zogonera,
nsapato ndinasinthanitsa miyendo,
sanadandaule, ndipo apa ndi pomwe ndinaopa.

Woyendetsa takisi sanafunse kanthu.
Chipale chinkagwa pamsewu wopanda munthu,
zitsulo zazitali za padoko zili chilili mumdima.

Anamuika diripi asanamalize kutchula dzina.
Ufa uja unali utayesetsa, anatero namwino,
kungoti mwa anthu ambiri omwe umawatchinga
pamapezeka mmodzi.
Mwachita bwino kubwera usiku.

Masiku anayi, dontho ndi dontho.
Lachinayi lake anati tiyi wa kuno ndi madzi otsukira mbale,
ndipo ndinatuluka kukalira pakhonde,
pafupi ndi makina ogulitsa khofi.

Tikupakira katundu, dokotala anasuzumira:
zotsatira za tinyama tija zibwera Lachisanu.
Tinayang'anana.
Za khansa ija tinali titaiwala.