Tepi Yakuda

Galimoto si yanga.
Ndi ya Mayi Mokoena a ku Turffontein.
Changa ndi msana, maso, laisensi,
ndi envulopu ya Lolemba lililonse
imene amalandirira pawindo, chitseko osatsegula.

Tsiku loyamba nditapotokola kiyi
tinyali tonse tinayaka pamodzi
ngati ziphaniphani zodzidzimuka,
kenaka n'kuzima kamodzikamodzi.
Anati osaopa, ikungokonza kukhosi isanayankhule.

Kachikasu kanabwera mu Juni,
m'mawa wa chisanu, ndikuchokera ku eyapoti.
Ati ndi chithunzi cha injini,
ine ndinkaona kampope kothyoka.
Sikanaphethire. Kanangoti tuzu, kundiyang'ana.
Koma galimoto inkayenda.
Lendi ya ku Rosettenville inkadikira,
fizi ya Ulemelero ku Ntaja inkadikira,
ndiye ndinadula tepi yakuda ndi mano
n'kukamata pamaso.

Masabata asanu ndi limodzi a mtendere wogula.

Osadziwa kuti tepi ndinadula yaikulu.
Inaphimba ndi mnzake wapambali.

Lachisanu usiku, pa M2,
milu ya dothi la migodi ili mbuu kumbali,
ndinaona kufiira kukuchucha m'mphepete mwa tepi
monga bandeji ikalephera.
Ndinakanda ndi chikhadabo:
kaketulo, dontho limodzi lili lende pamlomo pake.

Joni usiku munthu saima.
Ngakhale maloboti ofiira timangowapatsa moni.
Nesi amene ndinanyamula anagwira chikwama ndi manja awiri:
Mlongo, pano ayi. Pano pokha ayi.
Ndinaima pomwepo.
Ndinazimitsa. Tinamva injini ikuti the, the, the, kuzizira,
malole akutigwedeza podutsa.

Che Jafali anafika kuchokera ku Mayfair
jekete pamwamba pa mkanjo, tochi kukamwa.
Anasolola kachitsulo koyezera oyilo,
kupukuta, kuviika, kusololanso,
n'kundionetsa osanena kanthu.
Kouma gwa.
Pansi pa galimoto, phula linali noninoni.

Atalavula tochi ndi pamene anayamba:
Iwe Lufeyo, mtundu uli ndi mawu.
Kofiira ndi lamulo. Ima, zimitsa, zokambirana pambuyo.
Kachikasu ndi pempho,
kakuti ndiperekeze kwa makaniko sabata isanathe.
Kakayamba kuphethira, dziwa kuti pempho lasanduka kulira.
Kobiriwira ndi kabuluu, amenewo ndi moni chabe.
Ukadzaona kandodo koviika m'mafunde, injini yatentha,
koma usathamangire kutsegula ladiyeta
ngati nkhope yako ukuifunabe.
Kabatire kakayaka uli paulendo
usanamizire batire, funsa lamba ndi chotchajira.
Anathira oyilo, kumanga kabawuti kamene kanamasuka.
Makilomita ena atatu, anatero,
ukanawagulira mayiwo injini ndi chaka chako chonse.
Samva za anzake uja unamva mmene anamvera.

Nesi anafika mochedwa kuntchito.
Anandipatsa nyenyezi ziwiri. Sindinadandaule.

M'mawa ku galaja, kuseri kwa Church Street,
analumikiza kamakina kunsi kwa chiwongolero.
Kachikasu kaja, kamene ndinakabisa ngati ngongole,
kanali kasensa ka mpweya.
Marandi mazana anayi ndi makumi asanu.
Ndinaseka mpaka kutsokomola,
ndipo chifuwa chitandigwira ndinatsamira boneti,
dzanja lili apa, kumanzere,
pamene pamafinya ndikakwera masitepe a kufulati.

Nanga icho chayamba liti?
Ndi mpweya wa m'mimba chabe, Che Jafali. Matchipisi a usiku.
Anandiyang'ana monga anayang'anira kachitsulo kaja.
Anamatula katepi kotsala pagalasi,
n'kukaika m'dzanja langa, n'kulipinda.

Pagalasi patsala kabwalo ka ulimbo.
Ndapukuta ndi malovu, ndi palafini,
fumbi la Joni likumatirirabe pomwepo.
Kiliniki ya ku Rosettenville amatsegula seveni koloko.
Ndadutsapo kawiri sabata ino,
ulendo woyamba ndinali ndi kasitomala.