Mudi M'timabokosi

Usiku uno ndaduladula mtsinje wa Mudi
m'timabokosi zikwi zinayi,
kuyambira m'munsi mwa Ndirande
mpaka pa mlatho wa kumsika.
Kabokosi kalikonse ndakapatsa lamulo limodzi:
madzi otuluka mwa iwe alowe mwa mnzako,
dontho lisasowe, lisabadwenso lina.
Kaundula wa banki nkhonde,
kungoti muno mulibe wothawa ndi thumba.

A Mlenga, choko chili mbuu m'ndevu, ankati:
"Funde lili ndi liwiro lake.
Sitepe yako isalumphe kabokosi funde lisanafike.
Ukapupuluma, manambala apenga."
Ndinapupuluma. Anapengadi.
Madzi anakwera kuposa phiri la Soche,
kenako n'kutsika pansi pa ziro,
madzi angongole.
Ndachepetsa sitepe. Tsopano kompyuta ikukwawa
ngati minibasi pa Ginnery Corner nthawi yoweruka.

Ankatinso: "Funsa kumtunda.
Uthenga umatsika ndi madzi.
Wakumunsi sadziwa kanthu mpaka zitamufika."
Anzanga analemba. Ine cholembera chinaima.
Azakhali anga a Nasibeko anali akumunsi.

Amene anaona amati sanabwere pang'onopang'ono.
Anabwera chiimire, khoma,
uku kouma, uku denga likuyandama.
Njira yanga yoyamba ikuchita manyazi ndi khomalo,
ikulisalaza pa timabokosi khumi,
kukhala kachitunda kaulemu
kokhala ngati kanagogoda kaye pachitseko.
Yachiwiri ikulinola bwino,
koma kumbuyo kwake kukunjenjemera timafunde
tomwe Mudi sanatiberekepo.
Ina ikunama mofatsa, ina mwamantha.
Ndikuzikwatitsa:
pamene pali bata ilamule yakuthwa,
pakhoma igwire yofatsa.

Magetsi athima. Agalu a ku Chitawira ayamba.
Batire latsala pang'ono.

Ndikudikira kabokosi ka nambala 3,212.
Pamapu ndi kadontho chabe.
Panali mtengo wa mapeyala, chingwe choyanikira,
ndi mbuzi imene inkadya sopo.

Ziro.
Ziro.
Zirobe.
Kenako mamita awiri.

Kuchokera pamene madzi adutsa pa geji ya kumtunda,
mphindi zisanu ndi zinayi.
Ndabwereza ndi timabokosi tating'ono kwambiri:
zisanu ndi zinayi zomwezo.

Zokwana kubereka mwana kumbuyo.
Zokwana kubwerera kukadzutsa woyandikana naye.
Ndalemba nambalayo padzanja ndi bolopeni
sikirini isanade,
mawa ndikaipereke kwa wina amene ali ndi wezulo.