Boti Lobwereka pa Shannon

Mnyamata wa padoko ku Carrick
anatiphunzitsa kuyendetsa boti m'mphindi khumi ndi ziwiri,
akutafuna chingamu, maso ali pa wotchi.
"Zizindikiro zofiira mbali iyi, zobiriwira mbali iyo.
Mukakayika, chepetsani moto."
Bambo anga, a Malachy, anangogwedeza mutu.
Zaka makumi atatu akuyendetsa lole ya mkaka,
mwana wa dzana akanawauza chiyani za chiwongolero?

Pepala la chikole anasaina osawerenga.
Chimwalirireni amayi mu Febuluwale
nkhani yawo inali ulendo uno basi.

Tsiku loyamba, mvula.
Lachiwiri, mvula yomweyo inabwera ndi abale ake.
Masokosi a Oisin tinayanika pafupi ndi chitofu
mpaka boti lonse linanunkha galu wonyowa.
Chimbudzi chimene anati tizichipopa kakhumi
chinatibwezera zonse tinachipatsa.
Fintan, mwamuna wanga, anachigwadira ola lathunthu
akutukwana chapansipansi kuti mwana asamve.
Mwana anamva.
Mpaka lero amabwereza pamaso pa alendo.

Pa chipata cha madzi ku Roosky
ndinaponya chingwe, chinagwera m'madzi.
Ndinaponyanso, chinakola chipewa cha mlonda.
Boti linapita chammbali ngati nkhanu
n'kukagunda khoma, phwa!
Makapu anayi anatsala awiri.
Pamlatho anthu anaimitsa njinga zawo kuti aonere bwino.

Lachitatu dzuwa linasuzumira pang'ono
ndipo tinayamba kukhululukirana.
Ndinkadula buledi pamene ndinamva injini ikusintha mawu.
Chizindikiro chofiira chinali kumbali yolakwika.
"Bambo, mwatuluka m'njira."
"Ndikudziwa. Taona mtengo uwo, Sorcha.
Pansi pake ine ndi amayi ako tinadyerapo masangweji,
iwe usanabadwe, tisanagule n'komwe mphete."
Anali akulozabe
pamene mimba ya boti inakhula pamiyala,
kukuu,
phokoso limene umalimva m'mano.

Injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete.

Fintan anakwera padenga, foni m'mwamba ngati nsembe,
kusaka netiweki.
A kampani anati boti lokoka libwera mawa m'mawa,
ndipo anafunsa mwaulemu ngati tinawerenga tsamba lachinayi.

Bambo anavula nsapato, n'kuziika bwinobwino pampando,
n'kutsikira m'madzi ndi buluku lomwe.
Anakankha ndi phewa.
Matani asanu ndi atatu sanawamve n'komwe.
Ng'ombe zisanu ndi ziwiri zinatsika kudzaima m'mabango,
zikubzikula, zikuonerera nkhalamba ikulimbana ndi mtsinje.
Sindinawaletse msanga.
Aka kanali koyamba m'miyezi isanu
kuwaona akufuna chinthu ndi thupi lonse.

Usiku boti linagona chopendekeka.
Tiyi ankatsamira mbali imodzi m'kapu,
Oisin ankagubudukira kukhoma akuseka.
Gasi anatha nyemba zam'chitini zisanatenthe,
tinadya zozizira, supuni ziwiri anthu anayi,
tizilombo touluka tikutidya ifenso.
Bambo, atafunda mabulangete onse a kampani,
anayang'ana pawindo nthawi yaitali.

"Ukudziwa," anatero,
"uja unali ndi nthambi yogwera m'madzi.
Ndiye panalinso kampanda ka miyala.
Mwina si uwu."

Fintan anatsegula pakamwa.
Ndinamuponda phazi.

M'mawa kunabwera mnyamata yemwe uja, chingamu chili m'kamwa.
Anatikoka chobwerera m'mbuyo, ng'ombe zikutiperekeza m'mphepete.
Mayuro mazana asanu ndi atatu anatsala ku Carrick,
kuphatikiza makapu awiri ndi chipewa cha mlonda.
M'galimoto aliyense anali duu mpaka ku Longford,
pomwe bambo, chimfine chitayamba kale,
anatulutsa mapu onyowa m'thumba la jekete,
n'kuwatambasula pamaondo mosamala kuti asang'ambike,
chala chikutsata mtsinje kumtunda kwa Leitrim,
kumene sitinafikeko.