Wosoka Zovala za Sewero ku Łódź

Chaka chino mwana wamkazi wa mfumu uja sagonanso zaka zana.
Przemek, mkulu wa sewero, wati zimenezo n'zachikale:
agone shifiti imodzi yokha,
m'fakitale ya ulusi, pansi pa makina ozizira,
ndipo pasabwere mnyamata wa pahatchi kudzamupsompsona.
Chomudzutsa chikhale belu la m'mawa.

Ine ndine Bożena, wosoka kuseri kwa katani.
Diresi la silika lija
ndalipinda, ndaliika m'bokosi limodzi ndi chisoti chamalata.
Andipatsa nsalu yabuluu, yokhakhala ngati chiguduli,
akuti ndisoke ovolosi.

Sakudziwa kuti ovolosi yotere ndinaivala zaka khumi ndi zisanu
mumsewu womwewu,
nyumba za njerwa zofiirazi zisanasanduke malo omwera khofi.
Singano ya makina inandibaya chala ichi
Lachinayi lina, chipale chofewa chikugwa panja.
Sindinagone ine.
Ndinayamwa magazi, n'kumanga kansanza,
kapitawo maso ali pa wotchi.

Usiku wotsegulira holo yadzaza tho.
Mtsikana wagwa bwino, momvetsa chisoni,
nyali zazima pang'onopang'ono,
anthu awomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa.

Ine ndaima mumdima, mapini ali kukamwa,
kumusirira tulo take.

Thumba lakumanzere ndinalisoka lakuya dala,
poti m'menemo ndi momwe tinkabisa buledi.
Palibe wafunsa.
Thiramu yomaliza yandipeza pa siteji
ndikusisita chala.