Mukandifunsa Ine

Mukandifunsa ine, bwana,
ine wonyamula mbale kuno kumunsi kwa mlatho,
ndikuuzani kuti yambani ndi mbuzi.
Mbuzi ya ku Tete siidziwa msipu, msipuwo uli kuti?
Imatola masau ogwa okha, imabudula minga,
n'chifukwa chake imakoma isanaone mchere.
Dona Selestina amaiotcha pamakala a tsanya
mpaka mafuta ayambe kudandaula.

Ngati mano anu ndi aulesi
tengani pende wa ku Songo,
wafika m'mawa uno maso akadali gwa.
Timam'cheka mizere itatu m'nthiti
kuti adyo ndi ndimu apeze polowera.
Nkhuku ya piripiri iliponso, koma ndichenjeze:
dzana dalaivala wina wa ku Beira
anadziguguda pachifuwa kuti tsabola ndi mlamu wake.
Anatuluka akupukuta misozi ndi chipewa.

Zotsekemera?
Muli pudimu m'firijimo,
amanjenjemera ngati mboni yabodza,
ndi malambe opondera mumkaka, ozizira mpaka m'mano dzanzi.
Yesani malambewo.
Dzuwa la kuno silimva kupepesa kwina.

Mwati chimene ndimakonda ineyo?
Sichili papepalapo.

Kwathu ndi ku Domwe, kumtunda,
kumene Juni amaluma zala.
Chaka chimene tinaika amayi
a Kandidu, bambo anga, okonza njinga pamsika,
anapeza kachitini ka soda kuseri kwa mtsuko.
Anakatembenuza m'manja nthawi yaitali.
Loweruka lake anabwera ndi nthochi zamawanga,
zija wogulitsa amangoti tengani, ndani angagule.

Chigumu choyamba chinali khala.
Chachiwiri chinapsa kunja, m'kati phala,
tinadya osayang'anana,
Emelinda akumeza ndi madzi.
Chachitatu sindikumbuka.
Koma pofika nyengo ya mapichesi
anthu ankaimika njinga zosawonongeka pakhomo pathu,
ati tangoonani tcheni, chikulira,
mphuno zili kukhitchini.

Mgaiwa mbale ziwiri, nthochi zofinya ndi foloko,
shuga akakhalapo, soda pansonga ya supuni,
makala pansi, makala pamwamba pa chibenthu cha lata.
Girisi sachoka m'zikhadabo, ngakhale mutakhula ndi mchenga,
choncho ankakanda atavala jumbo kumanja.
Poyesa ngati chapsa
ankabaya pakati ndi sipoko ya njinga,
yotsukatsuka, yosungidwa padenga pa ntchito yomweyo.
Ikatuluka youma, ankatsokomola kamodzi.
Kuitana kwake kunali komweko.

Emelinda anakwatiwa ku Ulongwe,
amaphika jamu wa mapichesi wotsekemera mopitiriza,
ndipo ndikamuuza amakwiya.
Ine ndinatsika kuno kofunda
kudzaloweza mayina a zakudya m'Chipwitikizi.

Mwezi ukatha chimabwera pa shapa,
chokulunga m'kalendala ya chaka chatha,
chitadutsa fumbi la malasha la ku Moatize,
chitachita thukuta ngati munthu.
Ngodya imodzi imakhala itanyemedwa.
Kondakitala amati ndi mabampu.

Ndimadya usiku, tikatseka,
nditakhala pakireti kuseri kwa khitchini,
magetsi a pamlatho akugwedera m'Zambezi.
Tsiku lina Dona Selestina anandipeza.
Ananyema, anatafuna, anayang'ana kumwamba
monga amachitira ndi msuzi wa anthu ena.
Soda wachuluka, anatero.
Kenaka ananyemanso,
chachikulu kuposa choyamba.

Ine ndimayambira m'mbali
kuzungulira, kuzungulira,
kusiya pakati pamene pali kabowo.
Maso a bambo ayamba kuchita nkhungu,
mwezi watha panali timabowo titatu,
ngati anaiwala kuti abaya kale.

Pepani, ndakuchedwetsani, ayezi wanu wasungunuka.
Ndiye tinene kuti mbuzi?
Kapena pende?