Mlonda Wanga Sanagone

Ndinamulipira mlondayo, ndikunenetsa,
ndalama ya chaka chathunthu,
lisiti lili m'kabatimu.
Chishango chake chobiriwira
chimayaka pakona pa sikirini
m'mawa uliwonse ndikatsekula kashopu kanga
kuseri kwa depoti, mawawa akunyowetsa makatoni,
makondakitala akukuwa za Karonga ndi Rumphi.
"Muli otetezedwa," chimatero.
Ine n'kuvula jekete, n'kuyamba kutayipa.

Ntchito yanga ndi makalata a anthu.
Wofuna ntchito ku chipatala chachikulu,
mwana wa ku Mzuni wothamangitsana ndi mayeso,
a NyaChavula a ku Zolozolo
amene akulondola penshoni ya malemu amuna awo
chaka chachitatu tsopano.
Manambala amanditchulira monong'ona
ngati khomali lili ndi makutu.
Khoma linalibe mlandu.
Makutu anali pansi pa zala zanga.

Linali Lachiwiri, magetsi atangoyaka.
Mnyamata wa ku Luwinga anabwera ndi fayilo yokana kutseguka,
minibasi ikumuimbira hutala.
Ndinasaka pa intaneti, n'kupeza kapulogalamu,
kaulere, kolonjeza kutsegula chilichonse.
Kanandifunsa mafunso m'tizilembo tonga nyerere.
Ndani amawerenga nyerere
kasitomala akupondaponda pakhomo?
Ndinadina Inde. Inde. Pitirizani. Inde.
Fayilo inatseguka, mnyamata anati yewo, nathamanga.

Sabata isanathe alendo anayamba kutuluka kuchipinda.
Uyu akugulitsa mankhwala ophwetsa mimba,
uyo akuti ndawina galimoto,
mkazi wosavala kutulukira pakati pa kalata ya mpingo
mkulu wa mpingoyo ataima pambali panga,
tonse kuyang'ana kudenga.
Ukatseka mmodzi abwera atatu.
Bandulo ya sabata kutha pofika Lachinayi.
Koma aphokosowa bola, amaoneka.
Panali wina wosatsokomola n'komwe,
atakhala pansi pa kiyibodi ndi kope lake,
kulemba chilichonse chimene chala chagunda
n'kutumiza usiku kwa amene anamutuma.

Chishango?
Chobiriwira ngati munda wa tiyi ku Kawalazi.

Vinjeru, mtsikana wokonza malaputopu ku msika wa Taifa,
anayang'ana mphindi zisanu, chimanga chootcha kudzanja.
"A Msowoya, mlonda wanu sanagone.
Iye amadikira wolowera pawindo,
amadziwa nkhope zimene zili m'buku lake.
Awa analowera pakhomo, inuyo mutawagwira dzanja.
Mwini nyumba akati uyu ndi wanga,
mlonda amangopatuka.
Komanso bukulo simunaliwonjezere nkhope
kuyambira Malichi, poopa bandulo,
pomwe iwo amasintha malaya m'mawa uliwonse."

Anasesa. Ndinalipiranso.
Ndinasintha manambala achinsinsi onse,
mpaka lija la tsiku lobadwa la mwana wanga
limene ndinkalikonda.

Lolemba a NyaChavula anabwera ndi ambulera yothyoka.
Akuti wina anawaimbira,
mawu aulemu, odziwa dzina la malemu,
nambala ya fayilo, tsiku la maliro.
Penshoni yatuluka, anatero, ingotsala ya sitampa,
tumizani pafoni lisanalowe dzuwa.
Anagulitsa matumba awiri a nyemba.
Foni ija tsopano siyankha.

"Kodi anadziwa bwanji, mwana wanga?
Ine zija ndinangouza inu nokha."

Ndinayang'ana pakona pa sikirini.
Kenako ndinawakokera mpando,
n'kuyamba kufotokoza za Lachiwiri lija,
mawu akukakamira pakhosi ngati mbatata youma.
Sanakalipe. Anangopinda ambulera yawo.
Ndikuwabwezera pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi,
amalandira osandiyang'ana.

Masiku ano ndimawerenga nyerere,
imodzi imodzi, magalasi pamphuno.
Makasitomala amati mdalayu wayamba kuchedwetsa,
ena amapita kwa anyamata a ku Katoto.
Apite.
Kunja mawawa sakuleka,
ndipo chishango chikadali pakona pake,
chikunena zomwe chinkanena tsiku lijalo:
"Muli otetezedwa."