Kamodzinso

Kiyi wa lokala ndabweza dzulo.
Lwazi wa pakauntala anangomuponya m'dirowa, maso ali pa foni,
zaka zisanu ndi zinayi n'kukagwera
pakati pa mapini ndi mabolopeni otha inki.

Zaka zonsezo ndikuwerenga mpaka thwelofu.
Wani. Thu. Wongolani msana, madamu. Fili.
Ndinkadzuka Rosettenville akadali m'bulangete,
chisanu cha Juni chikutafuna zala,
tekisi ya ku Bree, ina ya ku Sandton,
kuti faifi koloko indipeze nditaima pagalasi
ndikumwetulira anthu osowa tulo chifukwa cha ndalama zambiri,
ine wosowa tulo chifukwa cha lendi.

Bambo Kruger ankandiuza zimene sauza mkazi wawo,
ali chagada pansi pa chitsulo,
manja anga ali chire pamwamba pa khosi lawo.
Mayi Pillay analira tsiku limene sikelo inawamvera chisoni,
nandikumbatira ndi thukuta lonse,
koma mpaka lero amanditchula Chiko
ati Chikumbutso n'lalitali,
lalitali kuposa makilomita khumi aja
ankathamanga pamakina osafika kulikonse.

"Kamodzinso," ndinkatero, "kamodzi kokha,"
ndikudziwa kuti kutsogoloko kuli katatu.
Limenelo ndiye linali luso langa, bodza lolimbitsa mtima.
Sindikumbukira tsiku limene ndinayamba kudzinamiza nalo ndekha:
mwezi umodzinso,
chaka chimodzinso,
bondo likulira ngati chitseko chadzimbiri
pamasitepe a kufulati.

Dokotala wa ku South Rand anakweza chithunzi m'kuwala,
nati, "Apa patha ngati tayala."
Ndinaseka kaye.
Thupi ili ndiye inali golosale yanga,
chikwangwani changa, satifiketi yanga.
Ku Mponela amapatsirana foni kuonera chifuwa changa,
amvekere, mwana wa a Nasiketi akudya bwino ku Joni.
Sadziwa kuti ndinkagulitsa mafupa anga pang'onopang'ono,
ola lililonse kachidutswa.
Ng'oma yolira sichedwa kung'ambika, ndinkamva,
koma ndinkayesa akunena ng'oma.

Anyamata atsopano abwera kale,
mawondo awo ali zii, osalankhula kanthu.
Mmodzi wandipempha mndandanda wa makasitomala anga.
Ndamupatsa, n'kumuuza kuti phewa lamanzere la Bambo Kruger
limanama, asamalikhulupirire.

Lolemba ndikayamba kwa a Zakeyu, telala wa ku Mayfair,
kachipinda kakuseri kwa butchala, mashini atatu,
wailesi yosokosera ndi fungo la simbi.
Anayang'ana zala zangazi, zikhatho za zipsera,
napukusa mutu: "Singano si chitsulo, mphwanga,
ukaikakamiza imathyoka."

M'chikwama changa ndapeza tepi,
yomwe ija ndinkazunguliza nayo m'chiuno mwa anthu
iwo atabanika, akudikira chigamulo.
Ndipita nayo.
Kumeneko munthu akakula mimba sitimukalipira,
timangowonjezera nsalu.
Ndikamuuza kuti, "Pumani, bwana, khalani momwe mulili,"
ndipo kakhala koyamba kunena mawu amenewo.

Komabe pali chimene ndichisowe.
Phokoso lija chitsulo chikabwerera pamalo pake
munthu atachita chimene amati sangathe,
n'kundiyang'ana ngati ndachita ndine.

Lero thupi landidzutsa folo koloko, lilibe khutu.
Panja tekisi ikuimba hutala, ikuitana ena.
Ndagona chagada mumdima,
pakamwa pakuwerenga pokha:
naini,
teni,
leveni.
Ndaima pomwepo.
M'chipinda monse muli chete,
palibe wondiuza kanthu,
ndakoka bulangete.